Tebulo losakhalitsa pa seva yodikirira: mizere ndi yako, dzina ndi la onse

Linali tsiku lomaliza la mwezi, dzuwa litapendeka, ndili m'kombi ya ku Mufakose, pamene foni inalira. Anali mphwanga, mwana wa achemwali anga, amene amayang'anira makompyuta pa kampani ina yogulitsa simenti, malata ndi mapaipi ku Workington. Ankayankhula ngati munthu amene abwana amuimirira kumbuyo.

"Amalume, lipoti la malonda a mwezi lakana. Mwezi watha linatuluka bwinobwino, palibe amene waligwira. Likungolemba kuti cannot execute CREATE TABLE in a read-only transaction."

Ndinamufunsa chimene anasintha m'masabata apitawo. Poyamba anati palibe, kenako anakumbukira kuti malipoti onse anawasamutsira ku seva yachiwiri ya database yawo ya PostgreSQL, ija yodikirira kulowa m'malo seva yaikulu ikagwa, kuti akamayenda asamachedwetse ogulitsa pa kauntala. Malipoti a tsiku ndi tsiku ankayenda bwino kumeneko. La mwezi lokha ndilo limayamba ndi kupanga tebulo losakhalitsa, lija limatchedwa temporary table, loikamo mtengo wosinthira ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe, ndi dola ya ku America wa tsiku lililonse, ndipo tsikulo kanali koyamba kuliyendetsa pa seva yodikirira.

"Koma amalume, tebulolo ndi langa ndekha. Wina aliyense saliona, ndikatseka limafufutika lokha. Likuwononga chiyani kuti seva ilikane?"

Funso limeneli ndi lanzeru, ndipo ndalimvapo kwa anthu amene akhala pa ntchitoyi zaka zambiri kuposa iye. Yankho lake ndi lakuti mu PostgreSQL tebulo losakhalitsa lili pawiri. Mizere yake ndi yachinsinsi ndithu, koma dzina lake limalembedwa m'kaundula wa onse. Ukagwira mfundo imeneyi, zambiri zimene zimazunguza anthu pa nkhaniyi zimamasuka zokha.

Tiyambe ndi mmene seva yodikirira imapezera zinthu zake. PostgreSQL isanasinthe kanthu kalikonse m'mafayilo ake, imayamba yalemba kusinthako m'buku la zochitika lotchedwa WAL, lomwe limasungidwa m'foda ya pg_wal, m'mafayilo a 16 MB iliyonse. Bukuli analipangira kudzutsa database ikagwa mwadzidzidzi. Seva ikadzuka imawerenga bukuli n'kubwereza zonse zimene zinali zisanafike pa disiki. Mu September 2010, PostgreSQL 9.0 inabweretsa zinthu ziwiri pamodzi: bukuli linayamba kutumizidwa ku seva ina pa netiweki pomwepo likulembedwa, ndipo seva yolandirayo inaloledwa kuyankha mafunso a anthu uku ikupitiriza kukopera. Chachiwirichi ndicho chimatchedwa hot standby, ndipo ndicho mphwanga ali nacho ku ntchito kwake.

M'kati mwa WAL mulibe SQL, chiyankhulo chimene timalamulira nacho database. Simungapezemo mawu akuti onjezani kasitomala uyu kapena tsitsani mtengo wa malata. Muli malangizo ouma: m'fayilo yakuti, pa tsamba lakuti, pa malo akuti, ikani mabayiti awa. Tsamba lililonse ndi 8 kB. Malangizo otere amagwira pokhapokha masamba a seva yolandira ali chimodzimodzi ndi a seva yaikulu.

Ife amene tinakulira m'mabanja a ochokera ku Malawi kuno ku Harare timawadziwa mabungwe a maliro. Ku Mbare, ku Highfield, ku Dzivarasekwa, agogo athu anayamba kusonkherana mzinda uno ukadatchedwa Salisbury, kuti wakwathu akamwalira kuchilendo kuno aikidwe mwaulemu. M'bungwe limene munali bambo anga, msungichuma ankasunga buku lalikulu, ndipo mlembi ankasunga lachiwiri kunyumba kwake, kuopa moto kapena denga lodontha. Lamlungu akatuluka m'tchalitchi ankakhala pansi pa mtengo wa mango, msungichuma akuwerenga mokweza, mlembi akukopera: tsamba 40, mzere 12, banja lakuti lapereka zakuti. Membala aliyense ankatha kupita kwa mlembi kukaona ngati ndalama zake zinalembedwa. Koma mlembi sankaloledwa kulembamo chake, ngakhale kamzere kamodzi. Akanati alembe pa mzere 13, Lamlungu lotsatira msungichuma akanabwera ndi zake za pa mzere 13 womwewo, ndipo kuyambira pamenepo mabuku awiriwo sakanagwirizananso. Buku lachiwiri losiyana ndi loyamba silikanathandiza aliyense tsiku la moto. Seva yodikirira ndi mlembi ameneyu.

Ukalemba CREATE TEMP TABLE pa seva yaikulu, pamachitika zinthu ziwiri zosiyana. Mizere imene ukuikamo imakhala m'memory ya session yako yokha, ndiko kuti kulumikizana kwako kumodziko ndi seva, m'malo otchedwa temp_buffers, omwe ukapanda kuwasintha amakhala 8 MB. Ikasefukira imapita ku fayilo ya pa disiki yomwe dzina lake limayamba ndi t, monga t3_16502. Mizere imeneyi siilembedwa mu WAL. Palibe chifukwa choilembera, pakuti seva ikagwa session yako yafa, ndipo tebulo limafera limodzi ndi mwini wake. N'chifukwa chake matebulo osakhalitsa amathamanga, ndipo n'chifukwa chakenso ngakhale utathiramo mizere 5 miliyoni, palibe ndi umodzi womwe umene ungawolokere ku seva yodikirira. Mpaka pamenepa mphwanga ananena zoona.

Koma PostgreSQL siingagwiritse ntchito tebulo limene silili m'kaundula wake. Kaundulayu ndi matebulo wamba: pg_class imasunga dzina la tebulo lililonse, pg_attribute imasunga madanga ake, pg_type imasunga mtundu wake, pg_depend imasunga chimene chikudalira chinzake. Tebulo losakhalitsa limalembedwa m'menemo monga lina lililonse, pansi pa schema (gulu la matebulo) yonga pg_temp_3, ndi chilembo t pa danga la relpersistence. Kaundula ndi wa database yonse, ndipo kusintha kulikonse kwa m'kaundula kumalowa mu WAL. Zili ngati bungwe lija linali ndi lamulo lakuti kapepala kalikonse kowerengerapo masamu, ngakhale kamene ukataye madzulo omwewo, kayambe kalembetsedwa kutsogolo kwa buku lalikulu. Msungichuma angathe kutero, koma mlembi ayi, popeza kulembetsako ndi kulemba m'buku.

Palinso chopinga chachiwiri, chomwe chikanatsalabe ngakhale dzina likanakhala lolembedwa kale. Mzere uliwonse mu PostgreSQL umanyamula nambala ya transaction imene inaulemba, ndiko kuti ntchito imodzi imene imatheka yonse kapena kulephera yonse, m'danga lobisika lotchedwa xmin, ndipo ukafufutidwa umalandira ina m'danga la xmax. Ndi manambala amenewa seva imadziwira kuti ndani ayenera kuona mzere uti. Mizere ya m'tebulo losakhalitsa nayonso imawafuna. Manambalawa amatuluka motsatana ngati malisiti a m'buku limodzi, ndipo buku la malisitilo lili m'manja mwa seva yaikulu yokha. Seva yodikirira itati idzing'ambire lisiti nambala 9001, pakangopita kamphindi seva yaikulu ipereka 9001 yemweyo kwa wogulitsa wa pa kauntala, ndipo zikafika kudzera mu WAL sipangakhale njira yodziwira kuti mzere wa 9001 ndi wa ndani. Choncho pa seva yodikirira palibe transaction imene imapatsidwa nambala, ndipo popanda nambala palibe INSERT, lamulo loikira mizere m'tebulo.

Uthenga uja wa read-only transaction umasokeretsa anthu ena. Pa seva yaikulu ungathe kuyamba transaction yowerenga chabe, ndipo PostgreSQL idzakulola kulemba m'tebulo losakhalitsa limene unapanga kale. Ndiye munthu amaganiza kuti pali batani lina loti asinthe pa seva yodikirira kuti nayonso ilole. Batani limenelo kulibe. Seva yodikirira siikuchita kuletsedwa ndi lamulo limene wina anaika, ndi mmene inapangidwira. Ukafuna kudziwa kuti walumikizana ndi iti, funsa SELECT pg_is_in_recovery(). Ikayankha kuti true, uli kwa mlembi.

Chinthu chimene ndimakonda kuonetsa anyamata ophunzira ntchito ndi ichi. Tsegula mawindo awiri, lina pa seva yaikulu, lina pa yodikirira. Pa yaikulu panga tebulo losakhalitsa, uikemo mizere. Pa yodikirira yang'ana mu pg_class. Dzina la tebulo lako ulipeza lili phee m'menemo, ndi t wake. Yesa kuliwerenga, ndipo seva ikuuza kuti cannot access temporary or unlogged relations during recovery. Dzina lawoloka, katundu watsala. Ukatseka windo la pa seva yaikulu, dzinalo limazimiririkanso kwinako pakangopita kanthawi.

Uthenga umenewu ukutchulanso matebulo a unlogged, ndipo anthu ambiri amathamangira kumeneko akaona kuti osakhalitsa akana. Anabwera ndi PostgreSQL 9.1 mu 2011. Ndi matebulo okhalitsa, oonedwa ndi session iliyonse, koma mizere yawo siilowa mu WAL. Pa seva yodikirira sungawapange, sungawawerenge, ndipo seva yodikirira ikakwezedwa kukhala yaikulu umawapeza opanda kanthu. Pa seva yaikulu yomweyo, ukaizimitsa mwadongosolo mizere imasungika, koma ikagwa mwadzidzidzi PostgreSQL imawakhuthula onse podzuka. Kuno kumene magetsi amatha kuzima batire la inverter lisanadzaze ndipo jenereta n'kuchedwa kulira, ndimadandaula ndikaona wina wasunga maoda a makasitomala m'tebulo la unlogged chifukwa choti limathamanga. Musaikemo chinthu chimene simungathe kuchipanganso kuchokera kwina.

Mtolo umene suoneka

Vuto la mphwanga linali laphokoso, linadzionetsa lokha. Lilipo lina lachete, ndipo ndilo limandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa limachokera ku matebulo osakhalitsa amene akuyenda bwinobwino pa seva yaikulu.

Tiwerenge. Tebulo la madanga 10 limalemba mizere 16 mu pg_attribute, chifukwa pa madanga ako PostgreSQL imawonjezerapo ake obisika 6, kuphatikizapo xmin ndi xmax aja. Limalemba mzere umodzi mu pg_class, iwiri mu pg_type, ingapo mu pg_depend, ndipo matebulo a kaundula onsewa ali ndi ma index awo, mindandanda yopezera mizere msanga, amene nawonso ayenera kusinthidwa. Ngati muli danga la text, pamabweranso tebulo lina lobisika losungira mawu aatali, ndi index yake. Zonsezi zimalembedwa mu WAL popanga, zimalembedwanso pofufuta. Tebulo limodzi si kanthu. Koma tiyerekeze pulogalamu imene imapanga tebulo losakhalitsa pa lisiti lililonse, ka 20,000 pa tsiku. Imeneyo ndi mizere 320,000 pa tsiku mu pg_attribute mokha, yobadwa n'kufa pa mphindi yomweyo. Yonseyi imadutsa pa netiweki kupita ku seva yodikirira, ndipo ngati sevayo ili kutali, pa intaneti yolipira, ukulipirira kutumiza mayina a zinthu zimene zafa kale.

Mizere yakufayo siichoka yokha. Imadikira vacuum, wosesa wa PostgreSQL, kuti aisese, ndipo kusesako nakonso kumalembedwa mu WAL. Apa ndi pamene seva yodikirira imagwira njakata. Tinene kuti wina akuyendetsa lipoti lalitali kumeneko, limene linayamba mphindi 10 zapitazo. Lipotilo likuyenera kuona database monga inalili pa nthawi imene linayamba. Ndiye pabwera malangizo a WAL akuti sesani mizere yakufa ya mu pg_attribute, ina mwa iyo inafa lipotilo litayamba kale. Seva yodikirira siyang'ana ngati lipotilo likuifunadi mizere imeneyo. Imangoona kuti m'database yomweyo muli funso lakale kuposa kusesako. Imaimitsa kukopera n'kudikira, ndipo nthawi yodikira imaikidwa ndi max_standby_streaming_delay, yomwe ukapanda kuisintha ndi masekondi 30. Ikatha, lipoti limaphedwa ndi uthenga wakuti canceling statement due to conflict with recovery. Mwini lipoti amadabwa, chifukwa iye amawerenga za malonda, sanagwire tebulo losakhalitsa ndi limodzi lomwe. Chamuphera lipoti ndi zinyalala za m'kaundula zimene pulogalamu ina ikutaya kutsidya.

Mankhwala odziwika ndi kuyatsa hot_standby_feedback, yomwe imabwera yozima. Ukaiyatsa, seva yodikirira imauza yaikulu kuti ili ndi funso lakale, isasese kaye. Malipoti amaleka kuphedwa chifukwa cha kusesa, koma walira mvula walira matope: nthawi yonse imene lipoti likuyenda, zinyalala zikuunjikana pa seva yaikulu, m'kaundula ndi m'matebulo ena onse, ndipo kaundula akatupa chilichonse chimachedwa, popeza funso lililonse limayamba ndi kuyang'ana m'kaundula. Ena amakweza masekondi 30 aja kufika pa maola. Nazonso zili ndi mtengo wake, chifukwa nthawi yonse imene seva yodikirira ikudikira lipoti imakhala ikutsalira m'mbuyo, ndipo tsiku limene yaikulu yagwa iyenera kuyamba yamaliza zonse zimene zinaunjikana isanatenge udindo. Maganizo anga ndi akuti musanagwire mabatani awiriwa, muyambe mwachepetsa zinyalala kumene zikuchokera.

Amene anamanga maseva awo mwa synchronous, pamene COMMIT iliyonse, lamulo lomalizira transaction, imadikira seva yodikirira kuti ivomere kuti yalandira, adziwenso ichi. Transaction imene yangolemba mizere m'tebulo losakhalitsa lopangidwa kale siidikira aliyense, chifukwa siinalembe chilichonse chofunika kuteteza. Koma imene yapanga tebulolo imadikira, popeza yakhudza kaundula. Ngati seva yodikirira ili kutali, CREATE TEMP TABLE iliyonse imalipira ulendo wopita ndi kubwera.

Nanga seva yaikulu ikagwa, yodikirira n'kukwezedwa? Ma session onse afa, mizere yonse ya m'matebulo osakhalitsa yapita, ndipo palibe backup imene ingaibweze. Ngakhale pg_basebackup, chida chotengera backup, kuyambira PostgreSQL 11, imadumpha mafayilo a matebulo otere. Chotsala pa seva yatsopano ndi mayina amasiye m'kaundula, opanda mwini, opanda fayilo. Amenewa saopsa kwenikweni. Autovacuum, vacuum yoyenda yokha, ikawapeza imawachotsa n'kulemba mu log kuti dropping orphan temp table, kapena session yatsopano ikatenga nambala ya pg_temp yomweyo imayamba yasesa zimene yapezamo. Choopsa chili pa ntchito imene inali pakati. Ngati ntchito yowerengera malipiro inakoka zinthu n'kuziika m'tebulo losakhalitsa, inalemba theka m'matebulo enieni n'kuchita COMMIT, kenako seva n'kugwa, theka lolembedwalo lili pa seva yatsopano koma pepala la masamu lapsa. Ntchito iliyonse yodalira matebulo osakhalitsa iyenera kulembedwa moti ikhoza kuyambidwanso kuchokera pachiyambi osalemba kawiri zimene inalemba kale.

Kwa anzathu a MySQL nkhani imatembenuka

Makampani ambiri ang'onoang'ono m'tauni muno amagwiritsa MySQL, ndipo kumeneko zinthu zili mwina. Seva yokopera ya MySQL siikopera masamba. Imalandira binlog, buku la zochitika la MySQL, n'kuchita yokha ntchito imene yaikulu inachita, choncho ili ndi kaundula wakewake. Ngakhale utayatsa read_only, batani loletsa kulemba, matebulo osakhalitsa amaloledwa, ndipo lipoti la mphwanga likanayenda popanda kudandaula.

Msampha wawo uli kwina. Binlog ikakhala ya mtundu wa STATEMENT, imatumiza SQL yeniyeniyo, ndiye CREATE TEMPORARY TABLE imawoloka ndipo seva yokopera imapanga tebulo lake kuti ithe kubwereza zotsatira. Seva yokopera ikazima pakati, tebulolo limatayika. Ikadzuka imapitiriza pomwe inalekera, imakumana ndi lamulo loti kokani m'tebulo limene kulibenso, ndipo kukopera kumaima. N'chifukwa chake pali dongosolo lake pozimitsa: imitsa kaye SQL thread, gawo limene limabwereza za mu binlog, uyang'ane Replica_open_temp_tables, yomwe kale inkatchedwa Slave_open_temp_tables, ndipo uzimitse pokhapokha ikaonetsa 0. Koma magetsi akamazima sayang'ana nambala imeneyo. Binlog ya mtundu wa ROW, yomwe ndiyo imabwera yoyatsa kuyambira MySQL 5.7.7, imathetsa vutoli potumiza mizere yomaliza imene yalowa m'matebulo enieni, osatumiza losakhalitsa konse. Ngati muli ndi seva yakale imene wina anaisiya pa STATEMENT, kaiyang'aneni.

SQL Server imasunga matebulo osakhalitsa mu tempdb, yomwe seva iliyonse ili ndi yakeyake, choncho amagwira ntchito pa seva yachiwiri yowerengera. Oracle ili ndi global temporary table, imene dzina lake limalembedwa kamodzi n'kukhalitsa, mizere yokha ndiyo ya session, ndipo kuyambira Oracle 12c ungathe kulembamo pa Active Data Guard, seva yodikirira ya kumeneko. PostgreSQL imalandira mawu akuti GLOBAL pa CREATE TEMP TABLE koma sasintha kanthu. Amene amasamuka kuchoka ku Oracle kapena SQL Server ndi amene amapunthwa kwambiri pa nkhaniyi, chifukwa malipoti awo analembedwa ndi chizolowezi cha kumeneko.

Chochita

Seva yodikirira siingalembe m'kaundula, koma ingathe kulemba pa pepala limene silifuna kulembetsa. Funso likafuna kusanja mizere yambiri kuposa memory imene lapatsidwa, work_mem, yomwe imayamba pa 4 MB, imataya zotsala m'mafayilo a m'foda ya pgsql_tmp, ndipo zimenezi zimaloledwa, chifukwa mafayilowo alibe dzina m'kaundula ndipo safuna nambala ya transaction. Apa ndi pamene pali khomo. Matebulo osakhalitsa ambiri a m'malipoti amangokhala popumira pakati pa masitepe awiri, ndipo angalowedwe m'malo ndi WITH, njira yopatsira dzina gawo la funso m'kati mwa funso lomwelo. Kuyambira PostgreSQL 12, ya mu 2019, ungathe kulemba WITH mitengo AS MATERIALIZED kuti seva iwerenge gawolo kamodzi n'kusunga zotsatira mpaka funso lithe. Mndandanda waung'ono wochokera kunja ungaupereke ndi VALUES, kapena ngati array n'kuumasula ndi unnest. Cursor nayonso imaloledwa, ndipo SET work_mem imagwira pa session yako.

Njira imeneyi ili ndi malire ake, ndipo sindifuna kukunamizani. Pa WITH sungamange index, sungachite ANALYZE, lamulo louza seva kuti iphunzire zimene zili m'tebulo, ndipo zotsatira zake sizidutsa kupita ku funso lachiwiri. Gawo lapakati likakhala lalikulu ndipo likufunika kangapo, nzeru ndi kulipanga pa seva yaikulu ngati tebulo lenileni lachidule, kapena materialized view, yomwe ndi zotsatira za funso zosungidwa ngati tebulo, kulidzaza usiku anthu atagona, n'kulisiya liwoloke kudzera mu WAL monga china chilichonse. Pa seva yodikirira lidzafika ndi ma index ake.

Ngati anthu a malipoti ndi ambiri ndipo sangakhale popanda matebulo awo, apatseni seva yawoyawo. Logical replication, yomwe inabwera ndi PostgreSQL 10 mu October 2017, imatumiza kusintha kwa mizere m'malo mwa masamba, ndipo seva yolandira ndi seva yathunthu, yokhala ndi kaundula wake ndi buku lake la malisiti. Kumeneko pangani matebulo osakhalitsa mmene mungafunire. Kuyambira PostgreSQL 16, ya mu 2023, ingathenso kukoka kuchokera ku seva yodikirira m'malo molemetsa yaikulu. Koma siitumiza kusintha kwa kamangidwe ka matebulo, siitumiza ma sequence, aja otulutsa manambala otsatana, ndipo matebulo osakhalitsa ndi a unlogged sangaikidwe mu publication, mndandanda wa matebulo otumizidwa. Ndi seva ya malipoti, musaiyese yolowa m'malo tsiku la ngozi. Njira yotsika mtengo kuposa imeneyi ndi ka PostgreSQL kakang'ono kopanda kanthu, kolumikizidwa ku seva yodikirira ndi postgres_fdw, chida chowerengera matebulo a pa seva ina. Mafunso amawerenga kutsidya, matebulo osakhalitsa amapangidwa pakhomo.

Pa seva yaikulu, zinyalala za m'kaundula zimachepa ukaleka kupanga ndi kufufuta. Panga tebulo kamodzi session ikamayamba, ndi ON COMMIT DELETE ROWS, ndipo lidzakhuthulidwa lokha kumapeto kwa transaction iliyonse dzina lili pomwepo. Kumbukiranso kuti autovacuum siingalowe m'tebulo losakhalitsa la session yamoyo, choncho ukathiramo mizere yambiri chita wekha ANALYZE, apo ayi seva idzakonza funso lako mongoganizira. Chenjezo limodzi kwa amene ali ndi PgBouncer, pulogalamu yogawira anthu ambiri malumikizidwe ochepa, pa transaction pooling: transaction yotsatira ingakugwetsere pa kulumikizana kwina, kumene tebulo lako kulibe, kapena kumene kuli la munthu wina la dzina lomwelo. Kumeneko chotetezeka ndi ON COMMIT DROP, ndipo imeneyo ndiyo imachulukitsa zinyalala, ndiye ndi bwino kuyesetsa kuti WITH igwire ntchitoyo.

Usiku uja ndinamuuza mphwanga kuti adikire kauntala itseke, alozetse lipotilo ku seva yaikulu kamodzi kokha. Linatuluka, abwana anapita kwawo. Loweruka anabwera kunyumba ndi laputopu, mayi ake atamupatsira mbatata zoti atibweretsere, ndipo tinakhala pakhonde kulitsegula lipotilo. Munali matebulo osakhalitsa awiri. Loyamba, la mitengo yosinthira ndalama, linali ndi mizere 31 yokha, umodzi pa tsiku, ndipo tinalisandutsa VALUES m'kati mwa WITH tiyi asanazizire. Lachiwiri linkasonkhanitsa malonda a nthambi zonse n'kumangapo index, ndipo limenelo tinalisamutsira ku seva yaikulu ngati tebulo lachidule lodzazidwa 2 koloko usiku.

Tisanatseke ndinamupempha kuti ayang'ane kukula kwa pg_attribute. Anayang'ana, anakhala chete, kenako anati, "Amalume, ndi lalikulu kuposa tebulo la makasitomala." Tinatsata mu log n'kupeza kuti pulogalamu yosindikiza malisiti pa kauntala imapanga tebulo losakhalitsa pa lisiti lililonse. Pulogalamuyo anachita kugula kwa ena, ndipo iye alibe chilolezo choisintha. Anawalembera kalata Lolemba, ataikamo manambala onse. Podikira yankho, wauza autovacuum kuti izisesa pafupipafupi, ndipo malipoti aatali a pa seva yodikirira wawasunthira ku nthawi imene kauntala yatseka.